Butchala ya a Yeremiya pa Nsangalabwi

A Yeremiya anali alamu anga, amuna awo a achemwali anga a Rakele, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti m'mudzi mwathu monse, kumunsi kwa Nachisaka kuno, munalibe mwamuna wogwira ntchito ngati iwo. Wofuna kukwiya akwiye. Ine ndine Debora, ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu, ndinalipo.

Anachokera ku Ntchisi, kuseri kwa phiri, kudzakhala chikamwini kwathu. Tsiku limene anafika ananyamula khasu, bulangete ndi mipeni iwiri yokulunga m'chiguduli. Anali munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu, wosakonda zoyankhulayankhula. Ntchito yawo inali yopha mbuzi. Lachiwiri ndi Loweruka lililonse, pamsika wa pa Mtondo, ankagwetsa mbuzi ziwiri dzuwa lisanatenthe, kusenda, kupachika, zam'kati n'kuponya pachiwaya. Mbuzi yogwidwa ndi a Yeremiya sinkalira kawiri. Ine ndinkayala tomato wanga pambali pa chiwayacho, paja wodya kanyenya amafuna tomato, ndiye tinkadyerana choncho.

Nkhani yawo inali imodzi, ndipo ndinaimva mpaka kutopa nayo. Bambo awo anali ndi golosale ndi tiyirumu m'mbali mwa msewu wakale kwawoko, pamene mabasi ankaima. Msewu watsopano utadutsa kwina, anzawo onse anazula mabenchi n'kuutsatira. Bambo aja anakana, ati makasitomala anga amandidziwa. Anakalambira pakhonde la golosale yopanda ngakhale machesi, akuthamangitsa ntchentche.

"Mlamu, kasitomala sadziwa munthu," ankatero a Yeremiya uku akunola mpeni. "Amadziwa pamene watsikira basi."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala kwathu. Analima munda wa achemwali, anamanga nyumba, anabereka ana awiri aakazi, Luckness amene anali Fomu 3 ndi Talandira wa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi athu atamwalira, anagula matabwa a bokosi ndi iwo. Koma kwathu kuno mkamwini ndi mkamwini. Munda ndi wa mkazi, nyumba yakhala pa dothi la mkazi, ngakhale mango amene unabzala wekha umayamba wayang'ana uku ndi uku usanathyole. Mwini mbumba anali achimwene athu aakulu, a Bonifasi, mlimi wa fodya wonenepa mu Juni n'kuwonda mu Januwale. Ndiye pali Festus, mlongo wanga wonditsatira ine, wa kabaza ya njinga yamoto, amene mutu wake sunagwirepo ntchito chibadwire.

Chaka cha dzana, titangokolola, kunabwera galimoto yoyera ya anthu oyeza malo. Sindikudziwa anali a kampani yanji. Anaima pa Mtondo kudya kanyenya, ndipo mmodzi wa iwo, wovala chipewa cholimba, anati akuyeza podzadutsa njanji ya sitima yothamanga kwambiri, yoti munthu akakwera ku Lilongwe asanamalize kudya nzimbe wafika kumpoto. Anthu anaseka. A Yeremiya sanaseke. Anamuwonjezera munthuyo chiwindi chaulere n'kumamufunsa pang'onopang'ono, koma munthuyo ankangotafuna n'kumagwedeza mutu.

Atachoka anasiya zikhomo zopaka penti yofiira, mizere iwiri, kutsetsereka chigwa chonse. Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, a Yeremiya anazitsata zikhomozo wapansi atavala jekete yawo yomweyo. Anakapeza kuti pa Nsangalabwi, malo a miyala okhaokha a banja lathu amene ngakhale nandolo amakana, zikhomo zinatalikirana n'kupanga bwalo lalikulu ngati la mpira. Anabwerako maso akuwala. Anati pamenepo ndiye pa siteshoni, palibenso china chingafune malo otambalala chonchija.

Mawa lake anapha mbuzi yawoyawo, anatenga mwendo ndi chiwindi, ulendo kwa a Bonifasi. Ine ndinalipo, ndinkasankha nyemba pakhonde.

"Alamu, ndabwera kudzapempha pa Nsangalabwi paja, ndimangepo kanyumba kogulitsira nyama."

A Bonifasi anaseka mpaka kutsokomola. "Pamiyala paja? Mukagulitsa kwa abuluzi? Tengani, alamu, tengani ponse. Mukafuna muwonjezere ndi phiri lomwe."

Panjira ndinawauza kuti alamu, kalembetseni kapepala. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati munthu wadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi ukamupempha pepala ndiye kuti wamutcha wakuba, ndipo iwo sangayambe lero kunyoza eni mudzi. Ndinati chabwino, safunsa anadya phula, koma nanga wouzidwa n'kukana amadya chiyani? Anangoseka n'kundipatsa mang'ina kuti ndikaphike.

Njerwa anaumba okha, pa chulu cha m'mphepete mwa malowo. Ine ndi achemwali tinkatunga madzi kudambo, mitunda imeneija, mpaka makosi kuuma. Anaotcha uvuni, anamanga okha, zipinda ziwiri ndi khonde lotakasuka, anafolera malata atsopano. Anthu ankadutsa n'kumafunsa ngati ndi chimbudzi cha sitima. Tsiku limene anakhoma chitseko anakhala pansi pakhonde nthawi yaitali, akusisita khoma ndi chikhatho. Anandiuza kuti chibadwire sanakhalepo ndi kiyi wa chitseko choti akatseka palibe wina angamufunse. Zinandikhudza, ndipo mpaka lero zimandikhudza.

Kuseka kunatha mu Ogasiti. Nkhani ya sitima inamveka mpaka ku Mponela. Wa chigayo wa pa Mtondo anazula chigayo chake n'kudzachimanga pafupi ndi butchala. Amayi a zitumbuwa anatsatira, okonza njinga anatsatira, wometa anabwera ndi mpando wake pamutu. Kunabwera bambo wina wa ku Dzaleka kudzayang'ana pomanga malo odyera. Pa Mtondo, pamene panali msika chibadwire chathu, panatsala agalu ndi mtengowo. Sitima palibe anaiona, ngakhale chitsulo chimodzi cha njanji, koma anthu ankagulana okhaokha, ndipo a Yeremiya anayamba kupha mbuzi tsiku lililonse.

Kenaka kunabwera mkulu wina wa masitolo a feteleza ndi galimoto yaitali. Anazungulira, anayeza ndi miyendo, n'kunena kuti iye akufuna pakona penipeni poyang'anana ndi zikhomo, pamene panali butchala. Anafunsa mwini malo, anthu anamulozera kwa a Bonifasi. Zimene anawalonjeza sindinazimve, koma madzulo ake achimwene ankafunsa anthu mtengo wa lole.

A Bonifasi anabwera kubutchala m'mawa, Festus ali pambuyo.

"Alamu, malo aja ndinakubwerekani. Tsopano eni ake tikuwafuna."

"Munandipatsa, alamu. Mlamu wangayu analipo."

"Ndinalipo, ndipo ndinamva," ndinatero ine. "Munati awonjezere ndi phiri lomwe."

A Bonifasi sanandiyang'ane n'komwe. "Mkamwini amapatsidwa malo? Munamva kuti? Munabwera kudzakwatira, simunabwere kudzagawana nafe dziko."

A Yeremiya anapitiriza kudula nyama pachitsa. Anati sachoka. Festus anangoyandikira n'kuponda mwendo wa chiwaya. Mafuta owira anakhuthukira m'miyendo mwa a Yeremiya, kuyambira m'mawondo mpaka m'mapazi, khungu n'kuchita kusupuka pomwepo ngati la mbatata yophika. Mpeni unali m'manja mwawo. Ndinati lero kugwa maliro. Anauyika mpeniwo pachitsa, anakhala pansi, n'kundiuza kuti mlamu, tandipatseni madzi. Patatha masiku atatu anali atatsegulanso, miyendo yokulunga nsanza.

Lamulungu lotsatira, tili m'tchalitchi masanasana, wina analowa m'khola lawo ndi chikwanje. Mbuzi zisanu ndi ziwiri anazitema miyendo yakumbuyo, zonse, n'kuzisiya zamoyo. Tinazipeza zikudzikoka pansi, zikulira, khola lonse magazi. Talandira anasanza. A Yeremiya anavula jekete, anatenga mpeni, n'kuzimaliza imodziimodzi, ina inali ndi bere. Nyama anaigawa kwa aliyense wodutsa chifukwa sikanafika mawa. Festus anadutsa pa njinga yake pang'onopang'ono, nsapato zake zili ndi magazi, ndipo ine ndinamugenda ndi mwala n'kumuphonya. Mpaka lero ndimadandaula kuti ndinamuphonya.

Ataona kuti munthu sakusuntha, a Bonifasi anatembenukira kwa achemwali. Anawaitana kuseri kwa chigafa cha fodya n'kuwauza kuti amusudzule mwamunayo, amutulutsire khasu ndi bulangete lake panja, nkhani ithe. Achemwali anati munthu sanandilakwire. A Bonifasi anawamenya mbama ziwiri, yachiwiriyo inawathyola dzino. Achemwali anabwera kwa ine atagwira pakamwa ndi chitenje, n'kundipempha kuti ndisawauze amuna awo, ndinene kuti agwa pachitsime. Ndinanama. Ndinaopa mpeni uja.

Mu Okutobala galimoto yoyera ija inabweranso, ndi munthu yemwe uja wa chipewa cholimba. Anaima pakati pa msika watsopanowo n'kumayang'ana uku ndi uku kukamwa kuli yasa. Anafunsa kuti anthu onsewa akudikira chiyani. A Yeremiya anamupatsa mpando ndi mbale ya kanyenya, n'kumuuza kuti tikudikira siteshoni yanu, bwana.

Munthuyo anasiya kutafuna. Anati siteshoni yake iti? Sitima yamtundu umenewo si minibasi yoti ukaimika dzanja imaima. Imanyamuka mumzinda n'kukaima mumzinda wina, pakati ponsepa imangodutsa, ndipo mbali zonse ziwiri amamanga mpanda wa waya woti ngakhale mbuzi singawoloke. Bwalo la zikhomo lija ndi pothirapo miyala ndi kuimikapo mathirakitala ntchito ikamadzachitika. Anawonjezera kuti ngati idzachitike n'komwe, chifukwa iwo angotumidwa kuyeza.

Ife tinazolowera kuti chilichonse cha matayala chimaima pamene pali nyama yootcha. Basi imaima, lole imaima, ngakhale ambulansi imaima. Palibe mmodzi yemwe wa ife anaganizapo kuti pali chokwera chimene sichiona anthu.

Galimoto inapita n'kuwasiya a Yeremiya pakhonde. Ine ndinati alamu, Mulungu wakuonani, apatseni achimwene malowo msanga agulitse, mutenge malata anu mubwerere pa Mtondo, awone okha zimene agula. Anakana. Anati sangalole alamu awo agulitse bodza kwa munthu, tsiku lina mwini masitoloyo adzabwera ndi apolisi n'kumanga malume a ana awo. Taonani munthu ameneyu! Anthu amuwotcha miyendo, amuphera ziweto, iye akuwadera nkhawa. Anapukuta m'manja n'kupita kukawauza.

Ndinawatsatira. A Bonifasi anamvetsera atapinda manja, Festus atakhala pa njinga yake.

"Ndiye mukuti sitima siidzaima?"

"Siidzaima, alamu. Wandiuza mwini wake woyeza."

"Malowo ndi opanda ntchito?"

"Sitima ikadzabwera, msika wonsewu udzafa."

"Nanga ngati ndi opanda ntchito, bwanji osachokapo?"

A Yeremiya anayang'ana pansi. Yankho analinalo, ine ndikulidziwa, koma si yankho loti mkamwini angaliyankhule pamaso pa mwini mbumba. Anangoti, "Ndinamanga ndine." A Bonifasi anatembenukira kwa Festus n'kunena kuti waona kuchenjera kwa anthu a ku Ntchisi, akufuna tiwope kuti adye yekha.

Linali Lachinayi, cha m'ma teni m'mawa, msika uli wodzaza. Anabwera a Bonifasi, Festus ndi anyamata anayi a ganyu amene anawamwetsa kachasu, atanyamula mapiki ndi zitsulo. Anayamba kugumula khoma la kumbuyo a Yeremiya ali m'kati. Njerwa zoyamba zitagwa, a Yeremiya anatuluka n'kukaima pamene pagumukapo, manja ali m'mwamba, akuti taimani tikambirane. Mmodzi wa aganyuwo anawamenya ndi chitsulo m'nthiti. Anagwada, anadzukanso.

Achemwali anafika akuthamanga kuchokera kudambo n'kumugwira Festus malaya. Festus anatembenuka n'kuwamenya chibakera pakamwa pomwe paja, n'kunena kuti dzino linalo mukufuna lichokenso? Apo m'pamene a Yeremiya anadziwa kuti za pachitsime zija zinali zabodza. Anandiyang'ana ine kamodzi. Kenaka analowa m'butchala n'kutuluka ndi chikwanje chodulira mafupa.

Festus anatchinga ndi dzanja. Zala zitatu zinagwera pa nsangalabwi, ndinaziona, chimodzi chili ndi mphete yake yachitsulo. Anayamba waziyang'ana kaye asanakuwe. A Yeremiya anaima pomwepo, chikwanje chili pansi, ngati munthu wodzidzimuka kutulo, ndipo m'pamene aganyu aja anawagwera. Anawagwetsa chafufumimba, anawaponda m'mutu, anawamenya ndi njerwa zawo zomwe. A Bonifasi anawaponda mkono wamanja ndi bondo, anatenga mpini wa piki, n'kumenya pa dzanjalo. Ndinawerenga kanayi, kenaka ndinasiya chifukwa ndinali nditamuluma wina khutu ndipo anandiponyera pa tomato wanga. Msika wonse unangoima n'kumaonerera, wometa ali ndi lumo m'manja.

Tinawanyamula onse awiri pa ngolo imodzi, a Yeremiya ndi Festus, atagona moyandikana, magazi awo akusakanikirana pa matabwa. Kuchipatala cha mishoni a Bonifasi anati wina yamugunda ng'ombe, winayo wadzitema podula nkhuni. Palibe anatsutsa, ngakhale ine, chifukwa kupita kupolisi kukanamangitsa onse. Dzanja la a Yeremiya analimanga, koma mafupa anali atanyenyeka. Linapola lopindika, zala zosatambasuka, loti silingagwire mpeni ngakhale supuni.

Ali m'chipatala, nkhani ya woyeza uja inafalikira. Mkulu wa masitolo a feteleza anakafunsa yekha ku Lilongwe ndipo sanabwerenso. Wa ku Dzaleka sanabwerenso. Wa chigayo anatukwana sabata yathunthu n'kubweza chigayo chake pa Mtondo, ena onse n'kumutsatira. Mvula yoyamba isanagwe, pa Nsangalabwi panatsala butchala yogumuka kumbuyo ndi milu ya zinyalala. Ine ndinati mwina tsopano achimwene achita manyazi. Ndinalakwitsa, chifukwa tsopano nkhani inali ya zala za Festus.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa achemwali. A ku Ntchisi anabwera awiri, okalamba, nsapato zodzaza fumbi. Akwathu anati munthu wokhetsa magazi a mwini mudzi sangagonenso m'mudzimo, banja latha. Achemwali anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anayang'ana a Bonifasi, anayang'ana munda wawo umene unali kuseri kwa nyumba, anayang'ana ana, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Sindiwaweruza. Mkazi wa zaka makumi anayi ndi zisanu akachoka pa dothi la mayi ake amakadya chiyani?

A Yeremiya anapempha chinthu chimodzi, kuti awalole agumule butchala yawo atenge njerwa, akamange kanyumba kwawo, popeza ndi dzanja limenelo sadzaumbanso. Ankhoswe ananong'onezana. Anati malata atenge, anagula ndi ndalama zawo. Chitseko atenge, misomali azule atenge. Koma njerwa ayi. Njerwa anaumba ndi dothi la pachulu chathu, ndi madzi a m'dambo lathu, ndiye ndi za pamudzi pano. Mmodzi wa okalamba a ku Ntchisi anafunsa kuti nanga thukuta? A Bonifasi anati thukuta linauma.

Mawa lake m'mawa a Yeremiya anabwereka ngolo. Ine ndi Luckness tinakwera padenga kuzula malata, iwo akulandira ndi dzanja lamanzere n'kumasanja bwinobwino. Anaika chitseko pamwamba, khasu, bulangete, mipeni yokulunga. Achemwali sanatuluke m'nyumba, tinkangomva kulira kwawo. Luckness anagwada n'kuwagwira bambo ake dzanja lopindikalo.

Ng'ombe zitangoyamba kuyenda, Talandira anatuluka akuthamanga ndi kajumbo ka zovala zake ndi makope a kusukulu. Anakwera ngolo chakumbuyo n'kukhala pa malata, miyendo ili lendelende, ngati zinali zokambirana kale. Woyendetsa anaimitsa ng'ombe. A Bonifasi anali ataima patali pang'ono, ndipo anayamba kuyandikira.

A Yeremiya anawaona akubwera. Anatembenukira kwa mwana uja n'kuyankhula motsitsa. "Tsika, mayi. Kwanu ndi kuno."

"Ndikupita nanu, ababa."

"Kumene ndikupita ine kulibe munda wako. Tsika."

Mwana anagwiritsa chingwe chomangira malata ndi manja onse awiri. A Yeremiya anayesa kumumasula ndi dzanja limodzi, analephera. A Bonifasi anali atatsala mapazi ochepa, akukwinya malaya m'mikono.

"Mlamu," anatero a Yeremiya kwa ine, "mutengeni inuyo. Asamugwire iwowa."

Ndinamumasula zala chimodzichimodzi, akundimenya mateche m'mimba, akundiluma, akuitana bambo ake. Ndinamukumbatira mwamphamvu n'kumutembenuzira kunyumba kuti asaone. Ngolo inanyamuka, malata akulira pa miyala, ndipo ine ndinamugwirabe mwanayo mpaka phokosolo linasiya kumveka.